Meseji ya Shuga Inanyamutsa Ndege

Tsiku limene anaonana koyamba, Shuga anaima ndi kapu ya tiyi mpaka mkono kulema, mwini tiyiyo osamucheukira n'komwe.

Shuga ankagwira ntchito pakantini ya pabwalo la ndege zing'onozing'ono. Dzinali anamupatsa ndi amakaniko, ati tiyi wake ankamata milomo. Mwini tiyi uja anali mnyamata, dokotala wa ziweto, ndipo ankadziyendetsera yekha kandege ka mipando iwiri popita m'mafamu akutali. Kandegeko sikanali kake yekha. Anasonkherana ndi anzake awiri, n'kumasinthana masiku.

"Tiyi wanu akuzizira, adokotala!"

Zii. Munthu ali kalikiliki kuzungulira ndege, kugwedeza mapiko, kusuzumira matayala, kenako kukhetsera mafuta m'kabotolo n'kumawayang'anitsitsa padzuwa ngati akuyeza mkodzo wa ng'ombe.

Atamaliza ndi pamene anamwetulira.

"Pepani chemwali. Ndikamayendera ndege sindiyankhula ndi munthu. Ukadumpha kanthu kamodzi pansi pano, umakakakumbukira kumwamba komwe kulibe poimika."

"Ndiye ndegeyi ndi mkazi wanu?"

"Ayi. Malo amenewo akadali opanda munthu."

Shuga anathyola khosi, n'kubwerera kukantini ataiwala thireyi pa udzu.

Sipanapite nthawi, mameseji anayamba kugwa ngati mvula.

"Dzuwa langa, ndatera bwino. Mtima wokha ndi umene watsalira kukantini."

"Kaputeni wanga, ubweranso liti?"

"Nyengo ikalola."

Nyengo ikalola! Mawu amenewa ankamudya Shuga mumtima. Anzake zibwenzi zimawalonjeza tsiku, iye ankalonjezedwa mitambo. Dokotalayo ankakhala kuseri kwa mapiri, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo laisensi yake inali yowulukira kunja kukayera basi, maso akuona pansi. Mumtambo sankaloledwa kulowa. Kangapo konse Shuga anadzikonza, kumanga tsitsi, kudzola, n'kuthera kuwerenga meseji yoti kumapiri kwagwa nkhungu.

Mchemwali wake wamkulu sankazimva zimenezo.

"Iwe ndiwe wogona. Mwamuna ali ndi ndege, nkhungu n'chiyani? Nkhungu imeneyo imavala diresi, ndikukuuza ine."

Shuga ankaseka, koma akakhala payekha mawuwo ankamubwerera. Nanga atakhala kuti achemwali akunena zoona?

Kenako anamva kuti bambo ake akubwera m'tauni Lachisanu kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo abwerera tsiku lomwelo pa basi yamadzulo. Shuga anaimbira dokotala uja foni nthawi yomweyo.

"Lachisanu ndege ndi yanga," anatero dokotalayo. "Ndibwera kudzaonana nawo."

"Nyengo ikalola?"

"Ndibwera, dzuwa langa. Ndikulonjeza."

Kanali koyamba kumva mawu amenewo pakamwa pake. Shuga anavina yekha pakati pa mapoto.

Lachisanu kunacha kuli bii. Bambo ake anafika kuchokera kuchipatala, jekete atamanga mabatani onse, n'kukhala patebulo la pafupi ndi windo. Mchemwali wake anakhala pambali pawo, miyendo atapingasa, akudikira kuti aone mapeto ake.

Foni inalira.

"Dzuwa langa, mapiri atsekeka. Ndidikire kaye, mwina kuyera."

Shuga anapukuta kauntala yomwe anali atapukuta kale. Anatuluka kukayang'ana kumwamba. Analowa. Anawathirira bambo ake tiyi wina. Anatulukanso. Mtima unali m'mwamba, pansi sipankakhalika.

Inabweranso meseji ina. "Kukuipiraipira. Kodi ababa sangagone, ndinyamuke pa basi?"

"Akuti chiyani a kaputeni?" anafunsa mchemwali wake, mawu ake otsekemera dala. "Nkhungu ija yabweranso?"

Bambo ake anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Mwanangu, munthuyu alipodi? Ngati palibe, ingonena. Ine sindikwiya."

Manyazi anamugwira Shuga ngati wavulidwa pamsika. Analowa kukhitchini, misozi ili lengelenge, n'kulemba meseji.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa bambo anga. Unalonjeza! Ngati umandikondadi, bwera lero. Ukapanda kubwera lero, usadzabwerenso."

Anatumiza. Anadikira. Yankho linali la liwu limodzi.

"Ndanyamuka."

Shuga anatuluka m'khitchini akuyenda monyada, n'kumuonetsa mchemwali wake foniyo pamphuno penipeni. Nanga si umboni wa chikondi unali umenewo? Mwamuna wodula mitambo chifukwa cha iye!

Chisangalalocho sichinakhalitse. Bambo a pawailesi, amene ankayankhula ndi ndege zonse zotera pabwaloli, anatulukira pakhomo la kantini nkhope ili gwa.

"Shuga, dokotala wakoyu wapenga? Ndege zonse zamangidwa pansi lero, iye ali m'mapiri. Wamuitana ndani?"

Shuga anangowatsatira kuchipinda chawo.

Wailesi inali kusokosera, ndipo mkati mwa phokosolo munkamveka mawu amene iye ankawadziwa. Koma sanali mawu a munthu womutchula dzuwa lija. Anali owuma, othamanga.

"Mtambo ukutsika. Msewu ndimautsatira uja sindikuuonanso bwino."

"Kumbuyo kwanu kukadali koyera?" anafunsa bambo a pawailesi.

"Pang'ono."

"Ndiye bwererani pompano, kusanatsekeke. Kuthamanga si kufika, adokotala."

"Ndiyeseko pang'ono chabe. Akundidikira."

Bambo aja anazimitsa cholankhulira n'kutembenukira kwa Shuga.

"Akalowa mumtambomo sadziwanso kuti kumwamba ndi kuti, pansi ndi kuti. Thupi limamunamiza munthu. Ndipo mumtambo umenewo muli phiri." Anamupatsa cholankhuliracho. "Sizololedwa izi, koma ine sakundimvera. Dina apa."

Shuga anadina.

"Kaputeni wanga, ndine. Bwerera! Chonde bwerera!"

"Unati ndikapanda kubwera lero..."

"Ndinalakwa! Inali nkhani ya manyazi chabe. Ndikudikira mawa, mwezi wamawa, chaka chamawa, bola ukhale moyo. Bwerera, wokondedwa, ndakugwira mwendo!"

Wailesi inangoti waaa. Shuga anakumbatira cholankhulira chija pachifuwa. Kodi wamva? Kodi walowa kale?

"Ndikukhota," anatero mawu aja. Kenako anazimirira, chifukwa wailesi ya pabwalopo sinkafika kuseri kwa mapiri.

Shuga atatembenuka anapeza bambo ake ataima pakhomo. Anali atamva zonse.

"Unamulembera zimenezo mwana wa eni ake?"

"Eya, ababa."

Sanamukalipire. Anangopukusa mutu, n'kukhala pa benchi ya pakhonde, basi yawo n'kuiiwala.

Kudikira kwake kunali kowawa kuposa kwa m'mawa kuja. Shuga anayenda kuchoka pakhonde kufika pampanda, kuchoka pampanda kubwerera pakhonde. Anaimba foni, yosapezeka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Mvula inayamba kuwaza iye osaimva. Mchemwali wake anamubweretsera juzi, pakamwa patatsekeka koyamba chibadwire.

Foni italira, inatsala pang'ono kumupulumuka.

"Ndatera."

"Mulungu wanga! Uli bwino? Wavulala?"

"Ndili bwino. Pokhota paja ndinaona mitengo pafupi kwambiri, Shuga. Ndinaona masamba ake."

Shuga. Osati dzuwa langa.

"Ndikhululukire, kaputeni wanga. Ababa sanapite, agona. Bwera mawa pa basi, akufuna akuone."



"Ukudziwa kuti lero sindinayendere ndege? Sindinaone mafuta, sindinagwire mapiko. Ndinawerenga meseji yako, n'kukwera, n'kuliza injini. Anzanga amene ndimasinthana nawo ndegeyi ndiwauza ndekha, ndipo akandilanda makiyi sindidandaula."

"Sizidzachitikanso! Ndikulumbira!"

"Vuto si iwe wekha. Ndine amene ndinanyamuka. Lero ndinaopa iwe kuposa phiri, ndipo ukadzaliranso ndidzanyamukanso. Ndikudzidziwa."

"Ndiye ukutanthauza chiyani? Sukundikondanso?"

"Ndimakukonda mpaka ndinatsala pang'ono kufa nazo. Chikondi chotere ine chandiopsa."

"Ubwera liti?" Mawu a Shuga anatuluka aang'ono ngati a mwana.

Anayembekezera yankho lija ankadana nalo, loti nyengo ikalola. Akanalilandira ndi manja awiri.

"Usandidikire, Shuga. Uwapepesere ababa."

Foni inaduka. Shuga anaima pamvulapo akuyang'ana kumapiri komwe sikunkaoneka, mtima utasweka. Anali atamupulumutsa, koma anali atamutaya.

Bambo ake anadzuka pa benchi n'kufika pafupi.

"Watera?"

"Watera, ababa."

"Tithokoze Mulungu. Ndiye abwera mawa eti? Mnyamata ameneyu ndikufuna ndimugwire chanza."

Shuga anangogwera pa jekete la bambo ake n'kulira mokweza, osasamala kuti amakaniko onse akumuona.