Nsalu Imene Sanaitanitse

Nyumba ya amayi atelala inali yaing'ono koma yamtendere. Chipinda chakumsewu anachisandutsa shopu. Munali makina awiri osokera, tebulo lalitali lodulirapo, nsimbi, ndi mashelefu odzaza nsalu za anthu, iliyonse ili ndi kapepala ka dzina la mwini wake. Bambo a m'nyumbamo ankakonza mawotchi ndi mawailesi kumsika. M'mawa uliwonse ankapemphera atatu, iwo awiri ndi mwana wawo wamkazi, kenaka aliyense n'kuyamba ntchito yake.

Mwanayo anali ndi zaka khumi, zisanu ndi zinayi. Anthu ankamutcha Kasingano chifukwa anali wochepa thupi komanso wochangamuka, wolowa paliponse. Atamaliza sukulu anakhala pa makina achiwiri, ndipo ndisaname, dzanja lake linali labwino. Vuto linali maso. Chinthu chokongola chikadutsa pamsewu, maso a Kasingano ankachiperekeza mpaka chikakhote.

Banjali silinali lolemera. Chuma chawo chinali dzina la amayi. Zaka makumi awiri akusoka, palibe amene anadandaulapo kuti nsalu yake yafupika. Anthu ankangosiya nsalu patebulo osayeza n'komwe, n'kumapita mtima uli m'malo.

Lachiwiri lina m'mawa, galimoto ya sitolo yaikulu ya nsalu inaima pakhomo. Amayi anali ataitanitsa ulusi, mazipi ndi mabatani. Dalaivala, bambo wachikulire wa imvi, anali pa changu. Anatsitsa makatoni awiri, Kasingano anasaina pepala, galimoto n'kupita.

M'katoni yoyamba munali zimene anaitanitsa. Atatsegula yachiwiri, Kasingano anangoti kukamwa yasa. Munali mpukutu wa lesi yagolide, yolemera m'manja, yokhala ndi timikanda tonyezimira. Nsalu yotere anali asanaionepo m'moyo mwake.

Amayi anayang'ana lesiyo, anayang'ananso pepala.

“Papepala alemba katoni imodzi. Iyi si yathu. Tseka.”

“Amayi, ndingoigwirako pang'ono.”

“Waigwira kale. Tseka.”

Anaimba foni kusitolo kawiri koma palibe anayankha. Masana kunabwera uthenga wakuti mng'ono wawo wagonekedwa m'chipatala kutali, ndipo palibe womudikirira. Amayi analongedza msangamsanga. Ali pakhomo ndi chikwama m'manja, anatembenuka.

“Iwe, mawa m'mawa uimbenso. Akapanda kuyankha, unyamule katoniyo ukapereke wekha. Ndipo isakhudzane ndi sizasi, wamva? Nsalu ikadulidwa sabweza kusitolo.”

“Ndamva, amayi.”

Anamvadi, koma mawa lake sanaimbe. Anatsegula katoni ija, nayala lesi paphewa, naima pagalasi. Ali chiimire choncho analowa asisi a pasaluni yoyandikana nawo, mayi wosakwatiwa wolankhula mokweza, amene ankadziwa nkhani za khomo lililonse mumsewumo.

“Ee! Kasingano! Mwalemera liti osatiuza?”

Kasingano anafotokoza zonse.

“Ndiye mwaimba kale?” anafunsa asisi aja akusisita nsaluyo.

“Anaimba amayi dzulo. Sanayankhe.”

“Basitu! Mwaimba, sanayankhe. Ukufuna ukawagwadire? Unathyola chitseko chawo iwe? Unalowera pawindo? Yabwera yokha, pagalimoto, mpaka pakhomo. Anzako amasala kudya kupempherera zoterezi.”

“Koma si yathu, asisi.”

“Sitolo ngati ija, mipukutu mbwee mpaka kudenga, angadziwe kuti wasowa umodzi? Ndidulire mamita atatu okha. Mpukutu waukulu chonchi adziwa ndani? Dzanja lakoli likungothera pa mayunifolomu a ana asukulu. Anthu akaona diresi limenelo pathupi panga, sadzafunsanso za amayi ako. Azidzafunsa za iwe.”

Mawu otsirizawo ndi amene analowa. Katoni ija Kasingano sanaitseke.

Madzulo akudya, bambo ake anafunsa ngati waimba.

“Ndaimba, ababa. Akuti abwera kudzatenga.”

Aka kanali koyamba kuwanamiza bambo ake pa nkhani yaikulu, ndipo anadabwa kuti mawuwo anatuluka mosavuta.

“Abwere msanga,” anatero bambo. “Ine wailesi ya munthu ikakhalitsa pabenchi panga, mtima umayamba kundiuza kuti ndi yanga. Ndiye ndimamuitana mwini wake isanafike pamenepo. Chinthu cha eni usamachiyang'ane kwambiri, mwana wanga.”

Lachinayi anayala lesi patebulo, nayeza mamita atatu, nalemba ndi choko. Sizasi inaluma m'mphepete. Kenaka inayenda yokha mpaka kutsidya. Anadziuza kuti akulunganso mpukutuwo bwinobwino, akapereke Lolemba.

Diresi linatuluka lokongola zedi. Apa ndi pamene Kasingano anachita chinthu chimene wakuba weniweni sakanachita. Amayi ake anali ndi lamulo lakuti chovala chisatuluke m'shopu chopanda kansalu kolembedwa dzina lawo ndi nambala ya foni, kosokerera mkati mwa kolala. Kasingano anali atasokerera tinsalu timeneti pa zovala mazanamazana. Atamaliza kupinda m'munsi, dzanja linangopita lokha m'kabokosi ka tinsaluto, makina n'kuti tatatata, diresi n'kupita pansimbi. Sanaganizepo n'komwe.

Asisi aja analivala kusaluni, tsiku la ntchito, akuluka anthu tsitsi. Pofika madzulo, amayi awiri anali atabwera kudzayezedwa. Lolemba linafika, katoni sinapite. Linabwera diresi lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Kasingano anagula nsapato zazitali ndi kachikwama, n'kuzibisa pansi pa bedi. Mpukutu utayamba kuonda anaukankhira pansi pa tebulo, kuseri kwa thumba la tizidutswa, ndipo bambo ake anawauza kuti a kusitolo anadzatenga. Amayi ataimba foni kuchokera kuchipatala, anawauzanso zomwezo.

“Wachita bwino, mwana wanga,” anatero amayi. “Ndimadziwa kuti ndinasiya munthu pakhomo.”

Sabata yachiwiri kunabwera dalaivala uja, koma wapansi, chipewa chili m'manja. Anaodira mwaulemu ngati walowa mu ofesi.

“Pepani, mwana wanga. Tsiku lija ndinatsitsa makatoni angati pano?”

Kasingano anayankha msanga. “Imodzi. Si mmene alembera papepala?”

“Eya, papepala ndi imodzi.” Bamboyo anapukuta thukuta. “Kwasowa katoni ya lesi. Anaitanitsa mayi wina kuchokera kunja, ya ukwati wa mwana wake, ndipo ina ngati imeneyo kulibe. Abwana andiimitsa ntchito, akuti ndinagulitsa. Ndayenda makomo onse amene ndinatsitsa katundu tsiku limenelo. Pano ndasiyira kumapeto dala, chifukwa ndinati kwa amayi atelala ikanakhalako akanabweza tsiku lomwelo.”

Lesi yotsala inali pansi pa tebulo, pafupi kwambiri ndi nsapato za bamboyo. Kasingano akanangowerama. Mpata unalipo, ndipo Mulungu amapereka mpata wotere kwa aliyense asanagwe.

“Kuno kulibe, bambo.”

“Zikomo, mwana wanga. Pepani ndakuchedwetsani. Mupereke moni kwa amayi.”

Zikomo ameneyo anamupweteka kuposa kutukwanidwa. Anathamangira kusaluni, maso ali ofiira.

“Ndiye ukulira chiyani?” anatero asisi aja, osasiya n'komwe kupesa kasitomala. “Analakwitsa ndi iyeyo, osati iwe. Ukalankhula pano ulowa m'madzi wekha. Khala phee.”

Anakhaladi phee. Koma mmodzi mwa amayi aja anasoketsa anafuna nsalu ya duku yogwirizana ndi diresi lake latsopano. Analivala, n'kupita nalo kusitolo yaikulu ya nsalu. Mwini sitolo ataona lesi ija ikulowa pakhomo pake ili pathupi pa munthu, anadzuka pampando. Anamupempha mayiyo mwaulemu kuti aone mkati mwa kolala. Dzina linali pomwepo, ndi nambala ya foni yomwe.

Amayi anabwerera Loweruka m'mawa, atatopa koma okondwa chifukwa mng'ono wawo anali atachira. Asanamalize n'komwe kapu ya tiyi, galimoto inaima pakhomo. Anatsika mwini sitolo, wapolisi ndi dalaivala uja. Mwini sitolo anayala diresi patebulo lodulirapo, natembenuza kolala.

“Mayi, dzina ili ndi la ndani?”

“Ndi langa.”

“Nanga nsaluyi munaitenga kuti?”

Amayi anaizindikira lesi ija, koma analankhula mosaopa, ngati munthu wodziwa za m'nyumba mwake.

“Bambo, katoni yanu inabweradi kuno molakwika, koma tinabweza. Anthu anu anadzatenga. Kasingano, tawauza anabwera liti.”

Kasingano anangozyolika. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana msoko wa diresi lija, nayendetsa chala m'mphepete mwake. Dzanja limene analiphunzitsa okha sakanalisowa. Wapolisi anawerama, nakankha thumba la tizidutswa, natulutsa chimene chinatsala pa mpukutu. Sichinakwane n'komwe siketi ya mwana.

Panja anthu anali atayamba kusonkhana. Wina anakaitana asisi a pasaluni. Iwo anaima patali, manja m'chiuno.

“Ine ndinangosoketsa ngati kasitomala aliyense. Ndingadziwe bwanji kumene atelala amatenga nsalu zawo?” Atatero anakalowa m'saluni n'kutseka chitseko.

“Shopu ndi yanu, dzina ndi lanu,” anatero wapolisi kwa amayi. “Tiyeni tikalankhulire ku ofesi.”

Amayi sanatsutse. Anavula tepi yoyezera imene anali atangoikoleka m'khosi, naipinda, nayamba kufuna nsapato zawo. Ataona amayi ake akuwerama kuti avale nsapato, Kasingano anagwada pansi.

“Ndine! Amayi kunalibe, sakudziwa chilichonse. Anandiuza kuti ndibweze, ine ndinadula. Ndinanamiza amayi, ndinanamiza ababa, ndinanamiza bambo awa atabwera kudzafunsa. Tengani ine.”

Analira mpaka mawu anasasa. Amene analankhula koyamba anali dalaivala uja, munthu amene anakhala sabata ziwiri akutchedwa wakuba.

“Abwana, wolakwitsa poyamba ndine, ndinatsitsa katundu pakhomo polakwika. Mwanayu ndi msinkhu wa mwana wanga. Musamutsekere.”

Mwini sitolo anaganiza nthawi yaitali, kenaka anavomera kuti nkhani isapite kukhoti, bola lesi ilipiridwe. Dalaivala anabwerera pa ntchito. Makina achiwiri aja, amene Kasingano ankasokera, anagulitsidwa sabata yomweyo. Mwana wa mayi anaitanitsa lesi uja anakwatiwa atavala nsalu ina.

Kasingano anapulumuka kundende, koma nkhani inali itayenda kale, ndipo nkhani ikamayenda siisankha kuti wadula ndani. Anthu ankangoti kwa amayi atelala kwapezeka nsalu yakuba.

Lolemba makasitomala anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo. Palibe anakalipa. Aliyense anali ndi chifukwa chake chaulemu. Wina anati mwambo umene ankasokera wasinthidwa tsiku, wina anati wasintha maganizo pa sitayilo. Amayi ankangoti, “Palibe vuto,” n'kuuza Kasingano kuti atsitse nsalu ya munthuyo pashelefu. Anaonetsetsa kuti iliyonse aipereke ndi iyeyo, ndi manja ake awiri.

Lachitatu kunabwera mayi wina wachikulire, mnzawo wa amayi wa m'kwaya, amene ana ake onse anakula akuvala zosokedwa m'shopumo. Analandira nsalu yake, naitembenuza, nachita ngati akutuluka. Kenaka anaima, maso ali pansi.

“Anzanga, musandimve molakwika. Inali mamita asanu ndi imodzi. Mungandiyezereko?”

Zaka makumi awiri, funso limenelo linali lisanamvekepo m'chipinda chimenecho.

“Amayi, ndiyeze ine,” anatero Kasingano.

“Ayi. Afunsa ine.”

Amayi anayala nsalu patebulo, natenga tepi, nayeza pang'onopang'ono, akutchula mita iliyonse mokweza kuti mnzawoyo amve. Inakwana ndendende. Mayi uja anathokoza, napepesa, koma nsalu yake anapita nayo ndithu.

Amayi anakhala pampando, tepi ili pamiyendo. Sanalire ndipo sanakalipe.

“Mwana wanga, ndakukhululukira, ndipo Mulungu akukhululukira chifukwa walapa. Lesi talipira. Koma chimene wadula chenicheni sitingakagule kusitolo iliyonse. Ndinachisoka zaka makumi awiri, ndipo zaka zina makumi awiri ine ndilibe.”

Kasingano anasintha, zimenezo n'zoona. Anapita kwa dalaivala uja kukapepesa pamaso pa mkazi wake ndi ana ake. Lero akusokabe ndi amayi ake, posinthana pa makina amodzi. Makasitomala ena anabwerera, ambiri sanabwerere. Ndipo amene anabwererawo amayeza nsalu zawo kunyumba asanabwere nazo.

Wachinyamata iwe, tamvera. Katundu akafika pakhomo pako molakwika, sanasanduke wako chifukwa wabwera yekha. Kulakwitsa kwa mnzako si mphatso. Usamutsegule kawiri, usamuyese, usafunse maganizo kwa munthu amene akumusirira. Uza eni ake tsiku lomwelo, ndipo akapanda kuyankha, nyamuka ukapereke. Kusunga chimene ukudziwa kuti si chako ndi kuba, ngakhale sunathyole chitseko cha munthu. Ndipo tchimo likamadzalipiritsa silifika kwa iwe wekha. Limayamba ndi amene anakukhulupirira.