Nambala Imene Boakye Sanauzidwe

M'nyumba ya Bambo Dankwa ku Kumasi munali lamulo limene ngakhale alendo ankalidziwa: chitseko chikatsekedwa, umagogoda. Bambowa anali mkulu wa mpingo, ndipo anthu akabwera kudzawakhuthulira zakukhosi pakhonde, palibe mwana ankaloledwa kutchera khutu. Mwana wawo Boakye anakulira m'mwambo umenewo, nakhala katswiri wolemba mapulogalamu a m'mafoni. Nzeru zinalipo ndithu, chimene chinkamusowa ndi mtima wokhazikika.

Chaka chimenecho bungwe lina loteteza zinsinsi za anthu pa mafoni linkafuna wamkulu wa olemba mapulogalamu. Boakye anafunsira, napambana mayeso oyamba. Bambo ake analonjeza kuti ntchito ikangopezeka, akuluakulu apita kukagogoda, kutanthauza kukafunsira ukwati, kwa makolo a Serwaa, namwino amene Boakye ankafuna kumukwatira.

Koma masiku omwewo Serwaa anayamba kutuluka panja foni ikalira, ndipo Lachiwiri lililonse ankasowa masana onse. Akafunsidwa ankangoti, "Si nkhani yanga, Boakye. Nthawi ikakwana ndidzakuuza."

Boakye anakadandaulira Donkor, mnzake wokonza mafoni ku Adum, pakati pa mzindawo, munthu wodziwa za banja lililonse kupatula lake.

"Aise, ukundichititsa manyazi," anatero Donkor. "Iwe katswiri yense, mkazi n'kumakuphimba m'maso ndi foni? Ikamo kanthu uzionera wekha. Kapena ukufuna madala ako akagogode pakhomo poti wina analowa kale?"

Mawuwo anamulowa mumtima. Analemba kapulogalamu kobisala, komuonetsa chilichonse chimene Serwaa walemba ndi kulikonse kumene wapita. Lamlungu, Serwaa akuthandiza Mayi Pokuaa, amayi a Boakye, kusinja fufu, chakudya chonga nsima, kuseri, iye anatola foni pampando n'kukalowetsamo.

Sabata yotsatira ali pa chakudya, Boakye anafunsa Serwaa ngati akuchipatala avomera tchuthi chija. Serwaa anasiya kudya, chifukwa za tchuthizo anali asanauze munthu wa m'nyumbamo. Atachoka, Mayi Pokuaa anamuitana mwana wawo kukhitchini.

"Za tchuthizi wazimva kuti?"

"Anandiuza, Maame. Wangoiwala."

"Ndinakubala ndine. Kuyambira uli mwana, ukamanama umakanda chigongono. Ngati wayamba kusuzumira kumene sunaitanidwe, leka lero. Udzaona zinthu zimene sudzazimvetsa, ndipo udzapweteka nazo anthu."

Boakye sanaleke. Ankasuzumira ali m'minibasi za trotro, kuntchito, ngakhale m'tchalitchi ulaliki uli mkati. Anapeza kuti Lachiwiri Serwaa amapita ku Ejisu, tauni yapafupi, kunyumba ina kuseri kwa chigayo, ndipo amalembera nambala yopanda dzina kuti, "Wadya? Usatsegulire aliyense." Nsanje inamuwotcha. Anathamangira kwa Donkor n'kumuonetsa mapu.

"Ejisu?" anatero Donkor, maso ali pa mapupo. "Takulitsa pang'ono ndione bwino."

Anayang'anitsitsa ngati woloweza, kenaka anasintha nkhani.

Pasanathe masiku Serwaa anafika akulira. Kunyumba ija sikunali chibwenzi ayi. Ankabisako msuweni wake Oforiwaa, amene anathawa mwamuna womumenya. Mwamunayo anali atamupeza, namuthyola mkono.

"Palibe ankadziwa koma ine," anatero Serwaa. "Wadziwa bwanji, Boakye?"

Boakye anakumbukira kuti mwamunayo ndi dalaivala wa takisi amene ankakonda kucheza pa benchi ya Donkor. Mantha anamugwira, manyazi nawo. Apa mpamene akanaulula, ndipo mwina akanakhululukidwa. Koma anaganiza za ntchito ija ndi za akuluakulu okagogoda.

"Mwina anakutsatira," anatero, akukanda chigongono.

Kuyambira tsikulo foni ya Serwaa sinachokenso m'manja mwake. Anasinthanso nambala yotsegulira, koma kapulogalamu kaja kanamuuza Boakye nambala yatsopanoyo.

Tsiku la mayeso omaliza linafika. Bambo Dankwa anamupempherera pakhomo, ndipo iye anapita atatchena. Mkulu wa bungwelo, Mayi Frimpomaa, anamulandira bwino.

"Mapepala anu tawaona, ndi abwino," anatero. "Koma kuno timafuna kuona mmene munthu amagwirira foni ya mwini. Loweruka lililonse anthu amabwera kuti tiwaonere ngati wina akuwazonda. Iyi yabwera ndi mayi wina amene m'bale wake wavulazidwa, ndipo walola kuti muione. Tiuzeni mungayambire pati."

Anaika foni patebulo. Chikutiro chake chobiriwira chinali chija Boakye yemwe anagulira Serwaa.

"Dikirani nditenge chingwe," anatero mayiwo, natuluka.

Akachipeza chinthucho adzaona kumene chimatumiza uthenga, ndipo kumeneko n'kwa iye. Anayang'ana kuchitseko, natola foni. Chala chinalemba nambala mosazengereza. Analunjika pamene kapulogalamuko kanabisala n'kukafufuta, nabweza foni patebulo isanazime.

Mayi Frimpomaa anali ataima pakhomo, chingwe chili m'manja.

"Bambo Boakye, nambala yotsegulira wakupatsani ndani? Ine sindikuidziwa. Yankho limene ndinkayembekeza ndi lakuti, ndiitanireni mwini wake."

Kumbuyo kwa mayiwo kunatulukira Serwaa.

"Kuno ndinabwera chifukwa iwe wemwe unkati anthu ake ndi okhulupirika," anatero motsitsa mawu. "Atandifunsa ngati wofunsira ntchito angaione, ndinavomera ndikudziwa kuti ndi iwe. Ndakhala m'chipinda umo ndikupemphera kuti upemphe nambala. Ukanangopempha, ndikanakupepesa chifukwa chokukayikira."

"Serwaa, ndinkaopa kuti uli ndi wina."

"Ndinali ndi Oforiwaa. Pita ukamuuze zimenezo kuchipatala."

Mayi Frimpomaa anamuuza kuti kufufutako sikunathandize, popeza akatswiri awo anali atakopera kale kapulogalamuko, ndipo ngati Serwaa afuna, nkhaniyo ipita kupolisi. Kenaka anamutsegulira chitseko.

Kunyumba anapeza bambo ake atakhala ndi amalume awiri, akukambirana tsiku lokagogoda. Anagwada n'kuulula zonse. Amalumewo anadzuka mwakachetechete.

"Mulungu amakhululuka, mwana wanga, ndipo umupemphe," anatero Bambo Dankwa. "Koma mkono wa mwana wa eni wathyoka, ndipo ine sindingakagogode pakhomo limene iwe unalowera pazenera."

Serwaa sanapite kupolisi, komanso sanabwerere. Donkor anakana kuti sanaonepo mapu aliwonse. Ntchito ija anaipeza wina.

Achinyamata, chenjerani ndi mtima wokayika, ndiponso ndi mnzanu amene amaukolezera. Kusuzumira zinsinsi za wina ndi kuba, ngakhale mwiniyo akhale wokondedwa wanu. Ngati muli ndi funso, funsani, ndipo mukauzidwa kuti dikirani, dikirani. Boakye anafuna kudziwa zonse za Serwaa, ndipo lero akakumana pamsewu, ngakhale mmene wadzukira samuuza.