Mzere Umene Sanaulembe

"Kodi mwadya?"

Ndilo funso limene a Mawaya anamufunsa mayi wa mapasa tsiku limene anayamba ntchito. Sanamufunse za satifiketi, sanamufunse kwawo. Anangoyang'ana milomo yake youma, n'kumukankhira theka la buledi ndi kapu ya tiyi wa mandimu wa m'fulasiki yawo.

Ofesiyo inali ya zipinda ziwiri, pamwamba pa shopu ya matayala. Ankalembamo mapulogalamu a masikelo a m'masitolo. A Mawaya, bambo wachikulire wa magalasi omanga ndi kawaya, ndiwo ankasamalira makompyuta onse. Ndiwonso anamuphunzitsa mayiyu ntchito ya pa windo lakuda, lija lopanda zithunzi, limene munthu amalembapo malamulo mzere ndi mzere. Anamuonetsa kompaila, pulogalamu imene imasandutsa zolemba za munthu kukhala chinenero chimene makina amamva. Anamuonetsanso kafayilo koyambira, kamene kamawerengedwa windo likangotseguka n'kuuza kompyuta kumene kompaila ili.

"Kameneka kakasokera, mayi, zonse zasokera," ankatero.

M'kafayilo ka mayiyu anaikamo mzere wawo wa nthabwala. M'mawa uliwonse windo likatseguka, pamwamba pankatuluka mawu amodzi: Mwadya?

Chaka chimene a Mawaya anayamba kudwala, manja ankawanjenjemera. Tsiku lina madzulo chala chinaphonya, ndipo anafufuta mafayilo oyambira a makompyuta onse. Anakhala pampando duu, nkhope itagwa. Mayi wa mapasa anatulutsa kope lake la chikuto chobiriwira, mmene ankalembamo zonse zimene ankamuphunzitsa, n'kubwezeretsa mzere uliwonse. Abwana sanamve kanthu.

"Izi ndidzakubwezerani," anatero a Mawaya.

"Mudzabweze mukachira, bambo."

Sanachire. Chipinda chawo cham'kati anachikhoma, kiyi n'kupita m'thumba la abwana. Patapita miyezi kunabwera makompyuta atsopano. Mayiyu analemba kafayilo kake mwatsopano, koma mzere wa funso uja anausiya dala. Unkamubaya mtima.

Nthawi yomweyo ndi imene anamupezera ntchito mlamu wake, mchemwali wamng'ono wa amuna ake. Anamupempherera kwa abwana kawiri konse. Anamubwereka kope lobiriwira lija. Masana ankadyera m'kontena imodzi, ndipo mvula ikagwa ankafunda ambulera imodzi.

Kenako kunamveka kuti mpando wa a Mawaya ukufuna munthu.

Sabata yomweyo kompyuta ya mayi wa mapasa inayamba kuvuta. Pulogalamu imene amalonda ankabwera kudzaiona Lachisanu m'mawa inkakana kumangika m'kompaila muja. Windo linkangolavula mizere yodandaula. Lachinayi masana abwana anaitana onse.

"Wasokoneza ndani?"

Mlamu uja anayang'ana zikhadabo zake. "Ine ndinawauza alamuwa kuti asamagwiregwire mafayilo oyambira. Mwina kutopa, bwana. Ana awiri si masewera."

Mayiyu anamva kutentha kumaso. Anamuyang'ana mtsikanayo, mtsikana amene anamugoneka pabalaza pake miyezi isanu.

"Mawa eyiti koloko zikhale zikuyenda," anatero abwana. "Apo ayi, mudzatenge kapu yanu ndi juzi lanu."

Onse anaweruka. Mlamu potuluka anangoti, "Tionana, alamu," osacheuka n'komwe.

Mayiyu anatsala yekha. Aneba anamuimbira foni kuti asadandaule, mapasa adya ndipo agona kwawo. Mlonda anakwera masitepe n'kumusiyira tochi patebulo. "Magetsi akewa sadziwika, mayi. Ine ndili pageti."

Anafufuta kafayilo kake konse. Analemba kena, mizere isanu ndi umodzi yokha, akuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu. Anatseka windo. Analitsegula. Anayesa kumanga pulogalamu.

Inakana.

Anayambiranso. Inakana. Kachitatu. Kachinayi. Kunja magalimoto anachepa, mpaka kunatsala galu mmodzi akuuwa kutali. Wotchi yapakhoma inadutsa thwelofu. Maso anayamba kulasa. Anaganiza za nsapato za mapasa, zimene zala zinali zitayamba kusuzumira panja.

Anatseka windo kachisanu, n'kulitsegula.

Pamwamba panali mawu amodzi.

Mwadya?

Anachotsa manja pakiyibodi. Anatsegula kafayilo kaja. Mizere isanu ndi umodzi, yake yomwe ija. Anaiwerenga ndi chala pagalasi. Funsolo munalibe.

Kenako anamva fungo. Tiyi wa mandimu.

"Alonda?" anaitana. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

Zii.

M'chipinda cham'kati, chokhoma chija, mpando unalira. Kwiii. Ngati munthu wolemera wakhalapo. Kenako makiyi a kompyuta anayamba kugogoda. Tapu. Tapu. Tapu-tapu. Pang'onopang'ono, ndi zala ziwiri. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankalemba choncho.

M'chipindamo munalibe kompyuta. Anaichotsa kalekale.

Mayiyu anafuna kuthawa, koma njira yotulukira inkadutsa pachitseko cha chipindacho. Anayang'ana pansi pa chitsekocho. Panalibe kuwala. Anayang'ananso pagalasi lake. Zilembo zinkatuluka chimodzichimodzi, motsatana ndi kugogoda kuja.

Si kanu kokha kamene kamawerengedwa.

Anakumbukira. A Mawaya ananenapo kamodzi, akupukuta magalasi: pali kafayilo kena koyambira, ka kompyuta yonse, kobisika m'kati. Tsamba limene analembapo zimenezo linali m'kope lobiriwira. Kopelo linali kwa mlamu.

Anakafufuza. Anakapeza. Pansi penipeni, patadutsa mizere yambiri yopanda kanthu kuti munthu asafikepo, panali mzere umodzi wachilendo. Unkatumiza kompyuta ku kompaila yakale, yotha ntchito, ndipo unkakana kuti wina ausinthe. Kompyuta inali itasunga amene anasintha fayiloyo. Lolemba, nthawi ya nkhomaliro. Dzina lolowera la mlamu wake.

Lolemba. Tsiku limene mayiyu anatsika kukagula zakumwa ziwiri, china cha iye, china cha mlamuyo.

Mantha anachoka, m'malo mwake munalowa chinthu china cholemera kuposa mantha. Analira mwakachetechete, atagwira pakamwa ndi nsonga ya juzi. Kugogoda kuja kunaleka, ngati kukumudikira.

Atatha anajambula mzerewo ndi foni, n'kuufufuta. Anatseka windo, analitsegula, anayesa. Mizere inatsika bwinobwino mpaka pansi. Pulogalamu inamangika.

M'chipinda cham'kati makiyi anayambiranso. Koma tsopano palibe chimene chinkatuluka pagalasi lake. Ankalembera wina.

Sanayerekeze kudutsa pachitsekocho kuti atuluke. Anakhala pomwepo atakumbatira tochi ya mlonda mpaka mawindo anayera.

Abwana anafika cha m'ma seveni, mlonda ali pambuyo. Asanalankhule, onse atatu anamva munthu akusisima m'chipinda chokhoma. Abwana anapisa m'thumba. Kiyi anali momwemo. Anatsegula.

Pampando wa a Mawaya panali mlamu. Anali m'zovala zogonera, wopanda nsapato, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Zala ziwiri zinkagogoda pathabwa lopanda kanthu. Patsogolo pake panali kapu ya tiyi wozizira, yosamwedwa.

"Iwe! Walowa bwanji muno?" anakuwa abwana.

"Ine geti sindinatsegulire munthu, bwana," anatero mlonda, akubwerera m'mbuyo.

Mtsikanayo anadzutsa mutu. Maso ake anali ofiira. Sanayang'ane abwana, anayang'ana mayi wa mapasa.

"Alamu, auzeni asiye. Usiku wonse akungondifunsa ngati ndadya. Ndikati eya, akuti ndadya cha ndani. Auzeni kuti ndinalemba ndine mzerewo. Ndavomera. Auzeni asiye."

Abwana anatembenuka. Mayiyu anawapatsa foni ija, chithunzi cha mzere uja chili poonekera. Kenako anavula juzi lake n'kumufunditsa mtsikanayo, pakuti ankanjenjemera ndipo amuna awiri anali chiimire pakhomo. Mtsikanayo atafuna kumugwira dzanja, mayiyu analibweza.

Mumsewu umenewo nkhaniyi amainong'ona mpaka lero. Anyamata a matayala amati mtsikanayo ankayenda kutulo, ndipo chikumbumtima ndicho chinamukoka. Za chitseko chokhoma sayankha. Mlonda amangoti cha m'ma wani anaona bambo wachikulire akukwera masitepe atakhwapatira fulasiki, ndipo anamupatsa moni mwachizolowezi, n'kukumbukira mochedwa kuti bamboyo anamwalira kale.

Amalonda asanafike m'mawa wa Lachisanu lija, mayi wa mapasa anakhala patebulo pake n'kutsegula windo lakuda. Pamwamba panali mzere umodzi.

Ndabweza, mayi. Kadyeni.

Anauyang'ana nthawi yaitali. Analitseka windolo, n'kulitsegulanso. Panalibe kanthu, kachizindikiro kokha kakuphethira, kudikira lamulo.

"Zikomo, bambo," ananong'ona.

Anatsika masitepe kukagula buledi. Theka anamupatsa mlonda.