Simsim, Mlendo wa Makomo Onse

Nesma anali ndi mphaka. Dzina lake linali Simsim. Simsim anali ndi ubweya wautali. Anali ndi maso obiriwira. Nesma ankamukonda kwambiri.

Koma Simsim anali ndi vuto. Ankasanza. Ankasanza pamkeka. Ankasanza pamasitepe. Tsiku lina anasanzira m'nsapato ya Amayi.

"Kho! Kho! Bwee!"

Nesma ankathamanga ndi kansalu. Ankapukuta. Mawa lake ankapukutanso. Iye ankangofuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Simsim asiye kusanza.

Nesma ankakhala mumzinda wa Alexandria, m'mbali mwa nyanja, m'nyumba yosanja. Mabanja ena ankakhala m'mwamba. Pansi panali shopu ya abambo ake. Ababa ankasita zovala za anthu.

Unali mwezi wa Ramadani. Chikondwerero cha Idi chinali pafupi. Shopu inadzaza ndi zovala. Ababa anasita mkanjo woyera mbee. Anauyala patebulo. Simsim analowa. Mkanjo unali wofunda. Simsim analumphira pomwepo.

"Kho! Kho! Bwee!"

Ababa anagwira kumutu. "Mayo ine! Mkanjo wa eni ake! Nesma, tabwera udzaone ntchito za mnzakoyu!"

"Pepani, Ababa. Sanachitire dala."

"Kaya dala, kaya osati dala, ine ndatopa," anatero Ababa. "Akadzasanziranso zovala, ndikamusiya kudoko. Kuli amphaka ambiri kumeneko. Azikasanza ndi anzake."

Kudoko ndi kutali. Kumawomba mphepo. Kulinso agalu. Nesma anakumbatira Simsim. Mtima unamuwawa kwambiri.

M'mawa Amayi anati, "Pukuta misozi, mwanangu. Tiye kwa dokotala wa ziweto."

Dokotala anali mayi wa magalasi aakulu. Anayang'ana m'kamwa mwa Simsim. Anagwira mimba. Kenako anamuika pasikelo.

"Ee! Ameneyu ndi mphaka kapena thumba la mpunga?"

Nesma anaseka pang'ono.

"Matenda alibe," anatero dokotala. "Koma mimba ya mphaka ndi yaing'ono ngati dzira. Umamupatsa chiyani?"

"Chakudya cha amphaka. Kakapu kamodzi basi."

Dokotala anapukusa mutu. "Mimba iyi si ya kakapu kamodzi. Alipo wina amene akumudyetsa. Tamvera bwino. Azidya pang'ono pang'ono. Mkaka ayi. Anyezi ayi. Zamafuta ayi. Uzimupesanso, chifukwa amameza ubweya akamadzinyambita. Akadzafooka kapena kusiya kudya, udzabwere naye msanga."

Nesma anabwerera kunyumba akuganiza. Ndani akudyetsa Simsim?

M'mwezi wa Ramadani anthu amasala kudya tsiku lonse. Dzuwa likamalowa, mbale zimayamba kuyenda. Amayi amatumiza mbale ya chakudya kwa anansi. Anansi amaibweza. Koma mbale siibwerera yopanda kanthu. Ngakhale kamwana kamadziwa zimenezi.

Wonyamula mbale anali Nesma. Masiku onse ankapereka mbale n'kuthamanga. Simsim ankatsala m'mbuyo. Tsikuli Nesma sanathamange. Anabisala pamasitepe. Anasuzumira.

Simsim anaima pakhomo loyamba. Linali la amake Tamer.

"Miyawu!"

Chitseko chinatseguka. "Aa, mlendo wanga wafika! Wawonda bwanji! Kodi kwanu sakupatsa chakudya? Imwa mkaka. Pang'ono chabe."

Simsim anamwa. Anamwa msanga msanga.

Simsim anakwera masitepe. Anaima pakhomo lachiwiri. Linali la amalume a Girgis, ogulitsa nsomba.

"Miyawu!"

"Bwana wamkulu wafika! Takulandirani, bwana. Nawu mutu wa nsomba yokazinga. Pang'ono chabe."

Simsim anadya. Anadya msanga msanga.

Simsim anakweranso. Anaima pakhomo lomaliza. Linali la azakhali a Fawziya. Iwo ankakhala okha.

"Miyawu!"

"Bwera, mwana wanga, bwera. Nawu mpunga wa anyezi. Pang'ono chabe."

Simsim anadya. Mimba inati tuu! Anatsika masitepe movutikira.

"Kho! Kho! Bwee!"

"Ndakugwira!" anatero Nesma. "Pang'ono pang'ono ndi mtolo! Anthu onse akusala kudya. Iwe wekha ukudya makomo onse!"

Nesma anapukuta masitepe. Kenako anagogoda kwa amake Tamer.

"Odi! Amake Tamer, chonde musamamupatse mkaka Simsim."

Amake Tamer anagwira m'chiuno. "Ati chiyani? Mlendo achoke ndi njala pakhomo panga? Anthu andiseka msewu wonsewu! Ine sindinaleredwe choncho, mwana iwe."

Nesma anapita kwa amalume a Girgis. Anawapempha kuti asamamupatse nsomba.

"Mphaka anayamba wakanapo nsomba?" anaseka amalume. "Kamutu kamodzi sikapha munthu!"

Nesma anapita kwa azakhali a Fawziya. Azakhali sanakalipe. Sanaseke. Anangoyang'ana pansi.

"Ndikasiya kumupatsa, asiya kubwera," anatero. "Nanga ndizicheza ndi ndani?"

Nesma anawamvera chisoni. Anatsika pang'onopang'ono. Anakhala pasitepe yomaliza. Anansi sankafuna kumumana mlendo. Koma Simsim akadya zambiri, asanza. Akasanza, apita kudoko. Nanga achite chiyani?

M'manja mwake munali mbale ya Amayi. Inapita ndi nyemba. Inabwera ndi mabisiketi. Nesma anayang'ana mbaleyo. Anaiyang'ananso. Mwadzidzidzi anadzuka.

"Amayi! Amayi! Mundibwerekeko timbale ta tiyi!"

"Tasweka kale tiwiri m'manja mwakomo," anatero Amayi. "Ukufuna ta chiyani?"

"Nayenso Simsim akhala ndi mbale zake zoyenda!"

Madzulo otsatira Nesma anatenga kakapu ka chakudya cha Simsim. Anathira pang'ono m'kambale koyamba. Anathira pang'ono m'kachiwiri. Anathira pang'ono m'kachitatu. Chotsala pang'ono chinali cha kunyumba.

"Odi! Amake Tamer, nayi mbale yanu. Ndipo aka ndi ka mlendo wanu. Mumupatse ndinu, ndi dzanja lanu."

Amake Tamer ananunkhiza. "Timiyala timeneti? Ndiye chakudya chimenechi?"

"Ndi zimene adokotala anena."

"Hm! Bola asachoke ndi njala pakhomo panga." Anaika kambale pansi. Simsim anadya. Anamaliza. Ananyambita kukamwa.

"Waona? Kwa ine amadya bwino," anatero amake Tamer.

Kwa amalume a Girgis, Nesma anapereka kambale kachiwiri. Amalume anamwetulira. Koma dzanja limodzi linali kumbuyo.

"Amalume, kumbuyoko mwabisa chiyani?"

"Ine? Palibe."

"Nanga chikununkha nsombachi n'chiyani?"

"Ndimanunkha nsomba chibadwire, mwana iwe!"

"Amalume, akasanzanso apita kudoko. Sadzabweranso pakhomo panu."

Amalume anasiya kuseka. Anatulutsa mutu wa nsomba. Anauyang'ana. Anayang'ananso Simsim.

"Pepani, bwana wamkulu," anatero. "Apolisi atigwira." Ndipo mutuwo anadya okha.

Kwa azakhali a Fawziya, Nesma anapereka kambale kachitatu. Anaperekanso chipeso.

"Azakhali, Simsim akufunika womupesa. Ine sakhazikika nane. Inu mungathe?"

Nkhope ya azakhali inawala. Anakhala pampando. Anamuika Simsim pamiyendo. Anapesa. Anapesanso. Ubweya wambiri unatsala pachipeso. Simsim anatsinzina. "Prrr, prrr." Tsiku limenelo anacheza nthawi yaitali kuposa kale.

Timbale tinayenda. Mawa lake tinayendanso. Timbale nato sitinkabwerera topanda kanthu. Amake Tamer ankaikamo siwiti ya Nesma. Azakhali ankaikamo kanjedza. Amalume a Girgis ankaikamo chigoba chokongola cha kunyanja.

Nesma ankayang'ana pamkeka. Panalibe kanthu. Ankayang'ana pamasitepe. Panalibe kanthu. Amayi ankayang'ana m'nsapato asanavale. Munalibe kanthu!

Koma Ababa sanakhulupirire. "Tiona," anatero. "Mphaka ameneyu ndimamudziwa."

Idi inatsala pang'ono kufika. Shopu inadzaza ndi anthu odzatenga zovala. Amake Tamer analipo. Amalume a Girgis anabwera kudzathandiza kunyamula. Azakhali a Fawziya anadzatenga mpango wawo. Patebulo panali mulu wa mikanjo. Yonse inali yoyera mbee. Yonse inali yofunda.

Simsim analowa. Nesma anathamanga kuti amugwire. Anachedwa! Simsim analumphira pamwamba pa mulu.

Aliyense anatembenukira kwa Simsim.

Simsim anatambasula khosi. Anatsegula pakamwa. Anatsegula kwambiri.

"Mayo!" anatero Ababa. Simbi yositira inaima m'malere.

Nesma anatseka maso ndi manja. Anadikira. Anadikirabe. Sanamve "Kho!" Sanamve "Bwee!" Anasuzumira pakati pa zala.

Simsim ankangoyasamula! Anayasamula, anadzipinda, n'kugona.

Amalume a Girgis anayamba kuseka. Amake Tamer anaimba nthungululu. Azakhali anawomba m'manja. Nesma analumpha m'mwamba.

"Sanasanze! Ababa, mwaona? Sanasanze!"

"Ndi chifukwa cha kambale kanga," anatero amake Tamer.

"Ndi chifukwa cha chipeso changa," anatero azakhali.

"Ndi chifukwa choti mitu yonse ndikudya ndine," anatero amalume, akusisita mimba.

Ababa anaika simbi pansi. Anapukuta thukuta. Nawonso anaseka.

"Ayi," anatero. "Ndi chifukwa cha mwana wanga uyu. Nesma, wandigonjetsa."

Ababa ananyamula Simsim mosamala. Anatenga thawulo lakale. Analisita bwinobwino. Analiyala pakona ya shopu. Linali lofunda. Anamugoneka Simsim pamenepo.

"Apa ndi pako," anatero Ababa. "Mikanjo ya anthu uisiye."

"Nanga kudoko, Ababa?" anafunsa Nesma.

"Kudoko tipita tsiku la Idi. Ine, iwe ndi amayi ako. Tikaona maboti."

"Nanga Simsim?"

"Simsim atsala pakhomo," anatero Ababa. "Kwawo ndi konkuno."

Nesma anakumbatira Ababa. Amayi analowa n'kukumbatira onse awiri. Pakona, Simsim anatsegula diso limodzi. Dzuwa linali kulowa. Inali nthawi ya timbale.

"Miyawu!"