Mzati wa Mizeremizere

Watsopano anatuluka mu ofesi mlonda atayamba kale kuwodzera. Dzina anali nalo, mayi ake anamupatsa labwinobwino, koma kuntchitoko palibe anavutika kulifunsa. "Watsopano, tseka windo." "Watsopano, inki yatha." Basi.

Chinamuchedwetsa ndi tchati ya pa kompyuta. Bwana ankaifuna pa msonkhano wa m'mawa, mizati yofiira ndi yobiriwira, yoima ngati ana a sukulu pa mzere. Mtsikanayo apente bwinobwino, koma akangowonjezera nambala, mitundu yonse balala! Mizati yavala mizeremizere yakuda ndi yoyera ngati pijama. Apentenso, ibwererenso. Bwana anali atanena kale kuti, "Zikakukanika mawa, ofuna mpandowo ndi ambiri pageti." Anzake anangonyamula zikwama zawo. Woti pepa panalibe.

Basi yomaliza inali itapita. Anakumbatira laputopu ngati khanda n'kuuyamba wapansi. Kunyumba kunalibe womudikira kupatula mphemvu, ndipo nazonso zinali ndi mabanja awo.

Njira yake inkadutsa pa mlatho wautali wa magetsi othima. Atafika pakati, anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Mapazi anaima. Anayenda... nawonso anayenda.

"Mizati yakuvutani, mlongo?"

Mtima thi!

Galimoto inadutsa, nyali zake n'kuwalitsa bambo wowonda, wa tayi, sokosi ina yofiira, ina yobiriwira. Pansi panagwa chithunzithunzi cha mtsikanayo. Chimodzi chokha.

"Musamapente mzati umodziumodzi," anatero bamboyo, mawu ake ozizira ngati madzi a m'bandakucha. "Mukupenta pamwamba pa chovala changa. Ndinachisunga m'fayilomo kuti tchati iliyonse izichivala. Dinani pa tchatiyo, muibwezere maonekedwe ake oyamba, kenaka musankhe mitundu yanu. Zitha."

"Mwa... mwadziwa bwanji?"

"Desiki ya pawindo ija imazizira, eti? Kwa ine chofiira ndi chobiriwira n'chimodzi, mlongo. Ankandiseka." Pansi pa mlatho madzi ankangoyenda. "Mundisiyireko mzati umodzi wa mizeremizere. Ndiziwonako nane."

Watsopano anacheuka.

Palibe!

Mlatho wokha. Mphepo. Mdima.

Linali liwiro la mtondo wadooka, moti agalu a m'njira anangomuyang'ana, kuuwa anaiwala. Atafika, anakhoma chitseko, n'kutsamiritsapo mpando, ngati mzimu umaopa mpando. Anatsegula laputopu n'kuchita zomwe anauzidwa. Mitundu inabwera. Anawonjezera nambala, mitundu inakhala phee.

Anayang'ana tchatiyo nthawi yaitali. Chiyambireni ntchito, munthu woyamba kumufunsa chomuvuta anali wa pamlatho uja. Anadina mzati womaliza n'kuuveka mizere.

M'mawa bwana analoza ndi cholembera. "Nanga wamizerewu?"

"Ndi wa mwezi uno, bwana. Sunathe."

"Ohoo. Nzeru zimenezo." Mpando unapulumuka.

Msonkhano utatha, mayi ophika tiyi anabwera kudzatolera makapu. Maso awo atagwera pa tchatiyo, kapu inagwa pansi, phwa!

"Mayo ine! Mizere ya aMbidzi!"

"AMbidzi ndani, amayi?"

"Kalaliki amene ankakhala pampando wakowo. Tinkawatcha choncho chifukwa cha matchati awo. Sokosi zawo sizinkagwirizana ngakhale tsiku limodzi." Mayiwo anapukuta manja pa epuloni. "Anatsala okha usiku wina akukonza za msonkhano, basi yomaliza n'kuwasiya. Galimoto inawagunda pa mlatho. Papita zaka, mwanawe, iwe uli pasukulu. Ku maliro, a muofesi muno tinapita ine ndi mlonda basi."

Watsopano anamva kuzizira kukukwera kuchokera ku desiki.

"Dzina lawo lenileni anali ndani?"

Mayi aja anatsegula pakamwa. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi pa zidutswa za kapu. Silinabwere.

Kenaka anakoka mpando, n'kukhala pafupi naye.

"Nanga iwe, mwana wanga, dzina lako ndani?"