Masamu pa Tsamba la Nthochi

Selvi ankakhala mumzinda wa Madurai. Ankafunitsitsa kuthandiza azakhali ake, a Vasanta. Koma ntchito yawo inali yovuta.

Azakhali anali katswiri wa masamu. Ankafufuza za mizere ndi ngodya. Funso limodzi linawavuta zaka zambiri.

Tsiku la mwambo wopumitsa mabuku linafika. Mabuku onse anaikidwa pamalo opempherera. Zolembera zonse zinaikidwa pomwepo. Tsiku limeneli munthu sawerenga. Tsiku limeneli munthu salemba.

Masana, Azakhali anakuwa. "Mayo ine!"

Selvi anadzidzimuka. "Ndi chinkhanira, Azakhali?"

"Ayi, mwanangu. Yankho labwera! Labwera lero lomwe lino! Mawa ndidzakhala nditaiwala."

Selvi anayang'ana zolembera. Zinali pansi pa maluwa. Anathamangira kukhitchini. Anatenga tsamba la nthochi. Anatenga zitheba ndi mtedza zokazinga.

"Izi si zolembera," anatero monong'ona.

Azakhali anatong'ola maso. Kenako anakhala pansi msangamsanga. Zitheba zinasanduka mizere. Mtedza unasanduka madontho. Yankho lonse linakwana patsambapo.

Atamaliza, anatuluka kukasamba m'manja. Selvi anawathirira madzi.

Pobwerera, onse anaima njii! Bambo a Selvi anali pambali pa tsamba. Ankatafuna.

"Achimwene!" anakuwa Azakhali. "Mukudya chiyani?"

"Timtedza tiwiri basi," anayankha Bambo.

"Mwadya thukuta langa lonse!"

Bambo anasiya kutafuna. Azakhali anagwira kumutu. Sanakumbukire pamene panali mtedzawo.

Selvi anagwada. Anayang'anitsitsa tsamba lija. Anaona timadontho ta mafuta.

"Unali apa," anatero. "Wina unali apa."

Anabwezerapo mtedza wina. Mtima wa Azakhali unakhala pansi.

Bambo anatsokomola. "Ndadyanso kachitheba kamodzi."

"Achimwene!"

Selvi anayang'ananso. Anaona kamzere ka mafuta. Anabwezerapo chitheba china.

Amayi a Selvi anavundikira tsambalo ndi dengu. Analetsa Bambo kuliyandikira.

M'mawa mabuku anatsegulidwa. Azakhali anakopera zonse m'kope. Mzere uliwonse unalipo. Dontho lililonse linalipo. Anakumbatira Selvi mwamphamvu.

Bambo anasuzumira pakhomo mwamanyazi.

"Mlongo wanga, masamu ako ndi okoma," anatero. "Koma mchere unachepa."

Onse anaseka. Selvi anaseka koposa.