Nsambo Zitatu za Nirajan

Nirajan Khadka ankakhala m'chipinda chimodzi cha lendi ku Kirtipur, kufupi ndi mzinda wa Kathmandu, pamodzi ndi mkazi wake Anupa ndi amayi ake okalamba. Masana ankasenza njerwa, akaweruka ankaphunzira gitala. Mtima wake unali pa nyimbo zija zaphokoso zotchedwa hevi metulo, ndipo aliyense amene anaziyesapo akudziwa kuti sizilola kudumpha makwerero. Wophunzira amayamba pang'onopang'ono, motsatira kachipangizo kogunda ngati wotchi, nawonjezera liwiro pang'ono sabata iliyonse. Chikhatho chamanja chimagona pa nsambo kuti mawu atuluke aafupi ndi olemera, uku zala zamanzere zikuthamanga. Ntchito imeneyi imadya zaka. Nirajan inamudyera zisanu ndi ziwiri, koma zala zake zouma ndi simenti zinkapunthwabe.

Mnzake wa kusukulu, Rewat, anali atatchuka kale. Tsiku lina Rewat, ali pa njinga yamoto yatsopano, anamupeza pogulitsira tiyi.

"Aise, ukadali pa nyimbo yomwe ija?" anafunsa Rewat akuseka. "Zala zimenezo uzisiyire njerwa. Gitala wakulakwira chiyani?"

Mawa lake Nirajan ananyamula gitala wake kupita kwa sing'anga wina wokalamba amene ankakhala m'mbali mwa mtsinje wa Bagmati, kufupi ndi pamene anthu akumeneko amaotchera mitembo.

"Ukufuna zala kapena ndalama, mwananga?" anafunsa nkhalambayo.

"Zonse, agogo."

"Onse amatero. Kwanu mumadya anthu angati?"

"Atatu."

"Ndiye nsambo zitatu zikhala ndi eni ake: ina amayi ako, ina mkazi wako, ina iweyo. Usankha wekha. Gitalayu uzimuliza tsiku lililonse. Nsambo usasinthe, zikhomo zokungira usakhudze. Nsambo ikaduka, mwini wake wapita."

"Nanga ndikadumpha tsiku?"

"Tsiku limenelo udzadya wekha."

Nirajan analingalira monga munthu wodziwa chida chake. Gitala ali ndi nsambo zisanu ndi imodzi. Zitatu zoonda zimaduka kawirikawiri, koma zitatu zonenepa, zokulungidwa ndi waya, zimakhalitsa. Choncho yachinayi anapatsa amayi ake, yachisanu Anupa, ndipo yachisanu ndi chimodzi, yonenepa kuposa zonse, anadzisungira. Sing'anga anapaka phulusa pa zitatuzo, namwetulira.

Kuyambira tsiku limenelo nyimbo iliyonse imene Nirajan wamva kamodzi inkatuluka m'zala zake yathunthu. Chaka chisanathe, achinyamata ovala zakuda ankadzaza maholo ku Kathmandu ndi ku Pokhara kudzamuona. Anagula nyumba yosanja, Anupa anavala golide, ndipo Rewat anayamba kumutchula kuti achimwene.

Nsambo yoonda kwambiri inaduka poyamba, kenaka inzake. Nirajan sanade nkhawa, chifukwa zinalibe eni ake. Apa ndi pamene anaiwala chinthu chimene woimba aliyense wa nyimbozi amachidziwa. Pa magitala a mtundu wake, nsambo zimamangidwa ku kamlatho kachitsulo kosakhomedwa, kolendewera pakati pa mphamvu ziwiri: nsambo zimakakokera kutsogolo, masipuling'i obisika m'mimba mwa gitala amakakokera kumbuyo. Nsambo imodzi ikachoka, masipuling'i amapambana pang'ono, ndipo zotsala zimagawana katundu wa yodukayo. Woimba wamba amangokhwefula ndi kuika ina. Nirajan sankaloledwa. Yachitatu itaduka, nsambo zitatu zamoyo zinakungika mpaka mawu ake anakwera. Kenaka inafika nyengo ya mvula, ndipo chinyezi ndi thukuta zinabala dzimbiri.

Yachinayi inaduka ali pakati pa nyimbo ku Pokhara. Asanatsike pa nsanja, foni inali ikulira.

Pa mwambo wa kwawo, mwana wamwamuna akataya kholo amameta, navala nsalu yoyera, nakhala padera masiku khumi ndi atatu osakhudza zosangalatsa. Tsiku lachiwiri Anupa anamupeza kuseri kwa chitseko, ali mu nsalu yoyerayo, akukodola nsambo ndi chala.

"Bambo, phulusa la amayi silinazizire, inu muli pa gitala? Achibale akumva pansipa."

Nirajan analira, naulula zonse. Anupa anamvetsera osamudula mawu. Kenaka anawerama nayang'anitsitsa nsambo ziwiri zotsalazo.

"Yanga ndi iti?"

Anamulozera.

"Nanga yonenepayi ndi ya ndani?"

Nirajan anadziloza pachifuwa.

"Ndamva," anatero Anupa. Anatsika kukaphikira alendo mpunga ndi mphodza.

Maliro atatha, Nirajan anabwerera ku mtsinje kukagwada.

"Agogo, tengani nyumba, tengani zala. Kapena tisinthanitse, yonenepayo ikhale ya mkazi wanga."

"Ndinakufunsa tsiku lija, mwananga. Unasankha bwino kwambiri."

Analeka kuimba pagulu. Anthu anamuiwala msanga, nyumba inagulitsidwa, golide anatsatira, ndipo anabwerera m'chipinda chimodzi. M'mawa uliwonse ankaliza nsambo yake yokha, kamodzi, mwakachetechete, kenaka ankadontheza mafuta pa ya Anupa ndi kuipukuta ndi kansalu. Koma mafuta sachotsa kukoka kwa masipuling'i. Pamalo pamene nsamboyo inkagona pa kamlatho, waya anayamba kumasuka, ndipo onse awiri ankaona. Anupa sanamukalipire, sanathawenso. Anangosiya kumuyang'ana m'maso.

M'mawa wina, gitala ali chotsamira khoma popanda womukhudza, panamveka kaphokoso kakang'ono. Kumbali ya mbaula, poto wa tiyi anapulumuka m'manja mwa Anupa, nagwa.

Nirajan amapezekabe m'mbali mwa mtsinje uja, tsitsi litapotana, atakumbatira gitala wa nsambo imodzi. Amaimenya ndi mwala, amaikoka ndi manja onse awiri mpaka zala kuchucha magazi. Siduka.

Luso ndi chuma zimene munthu sanazivutikire zimalipiridwa ndi anthu ena, ndipo amene amayamba kulipira ndi omwe amadya naye. Wadyera amadziyesa wochenjera posankha pomwe tsoka lidzagwere, koma chimene amapulumutsa ndi moyo woti adzakhale nawo yekha, akukumbukira amene anawaika patsogolo.